ZA GALIMOTO NDI MAFUTA ACHE: UPHUNGU WA PA MZERE



Mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinthu chimene makolo athu ankangochionera patali chiri kutukula pfumbi pa mseu wa boma, koma lero chalowa m'mabanja ambiri, ndicho galimoto. Wina adagula yache ndi ndarama za fodya, wina ndi ngongole ya ku nchito, wina adamtumizira mwana wache wa ku Johannesburg. Ndipo ngakhale ife amene tiribe yathu-yathu timakwera ya mbale kapena ya mnansi pa tsiku la ukwati, la maliro, kapena pamene wodwala ayenera kufika ku chipatala usiku. Chifukwa chache nkhani ya mafuta siiri ya eni magalimoto okha ai. Lita yotayika pachabe ndiyo sopo, mchere ndi makope a ana a sukulu.

M'chaka cha 2022, pamene mafuta adasowa kwambiri m'dziko la Malawi, tidakhala tsiku lathunthu pa mzere wa petulo mu mzinda wa Lilongwe, tiri m'kagalimoto ka alamu athu, kamene adagula katayenda kale kwa eni ache oyamba. Mzere udali wautali, dzuwa liri kuswa mtengo, ndipo eni magalimoto adatuluka, nakhala pa mthunzi, nayamba kuphunzitsana nzeru zosungira mafuta. Wina adatama kachitsulo ka maginito kamene adamangirira pa paipi ya petulo. Wina adati iye adachotsa kanthu kena m'injini kuti izizizira bwino. Winanso adanyadira kuti potsika phiri amachotsa giya, nafika pansi wosataya ngakhale dontho. Ali yense adalankhula molimba mtima ngati sing'anga, ndipo alamu athu adachera khutu kwa onse. Koma padali akulu ena a imvi, amene adayendetsa malole zaka zambiri pa mseu wa ku Beira, amene adangokhala chete. Ndipo pamene tidawafunsa, adayankha mau ochepa, kuti mafuta amathera ku phazi la woyendetsa, ndi kuti munthu asakhulupirire nzeru iri yonse asanaiyese ndi pensulo.

Kuyambira tsiku lomwelo takhala tiri kufunsa, kuwerenga ndi kuyesa, ndipo chimene tapeza ndi ichi: zinthu zambiri zimene anthu amagula kapena kuchotsa pa galimoto pofuna kusunga mafuta sizisunga kanthu, ndipo zina zimachita kuonjezera kumwa, koma zimene zimasungadi mafuta nzosagula ndi ndarama. Tiyeni tizione chimodzi-chimodzi.

KUMENE MAFUTA ACHOKERA

Dziko la Malawi liribe doko la pa nyanja ya mchere, liribenso zitsime za mafuta. Petulo ndi dizilo zimadza pa zombo kufikira ku Beira ndi ku Nacala m'dziko la Mozambique, ndi ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania. Kuchokera kumeneko zimayenda ulendo wautali pa malole a mathanki, zina pa njanji. Zonsezi zimagulidwa ndi ndarama zakunja, kotero kuti pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, mtengo wa mafuta udakwera masiku omwewo. Mtengowo umaikidwa ndi bungwe la boma lotchedwa MERA. Mwini galimoto alibe mau pa mtengo. Chimene chiri m'manja mwache ndicho kuchuluka kwa malita amene aotcha.

Tidziwenso kuti kuyambira chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba nchito, dziko lino lakhala liri kusakaniza petulo ndi ethanol, wopangidwa ndi zotsalira za nzimbe pophika shuga. Fakitale yachiwiri idatsegulidwa ku Chikwawa m'chaka cha 2004. Nzeru imeneyi imapulumutsa ndarama zakunja. Koma mphamvu ya lita ya ethanol ingofika magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo, chotero petulo wosakaniza magawo 10 pa 100 amafupikitsa ulendo ndi magawo ngati 3 pa 100. Ichi si cholakwa cha galimoto yanu, ndipo palibe chitsulo chogula pa msika chimene chingabwezere mphamvu imeneyo.

Magalimoto ang'ono ambiri a kuno, monga Vitz, Sienta, Probox ndi Fit, adachokera ku Japan atayenda kale. Kumeneko galimoto imayesedwa ndi boma itatha zaka 3, ndipo pambuyo pache zaka 2 ziri zonse, ndi ndarama zambiri. Chifukwa chache eni ache amakonda kugulitsa ikadali yabwino. Imatiyenera pakuti ku Japan nakonso amayenda ku manzere kwa mseu monga ife. Koma idapangidwira miseu yosalala, ndipo ikafika kuno ikumana ndi mayenje, matope ndi pfumbi. Apa ndipo payambira chilakolako chofuna kuisintha.

YAMBANI NDI PENSULO

Musanasinthe kanthu, dziwani umo galimoto yanu imamwera. Kasingano kosonyeza mafuta sikanena mwachindunji, pakuti kamachedwa kutsika thanki ikadzaza, nikathamanga ikafika pakati. Njira yoona ndi iyi. Dzazani thanki kufikira pampu italeka yokha, nimulembe nambala ya makilomita imene iri patsogolo panu. Yendani monga mwa masiku onse. Pobwera kudzamwetsanso, dzazaninso chimodzimodzi, nimulembe malita amene alowa ndi makilomita amene mwayenda. Tsono gawani makilomitawo ndi malitawo. Tiyerekeze kuti mwayenda makilomita 420, ndipo alowa malita 30: ndiye kuti galimoto yanu iyenda makilomita 14 pa lita. Chitani chomwecho katatu kapena kanai, pakuti ulendo umodzi ungathe kunyenga chifukwa cha mphepo, katundu kapena mapiri. Amene alibe ndarama zodzazira thanki alembe lita iri yonse imene amwetsa kwa miyezi iwiri, ndipo yankho lidzatuluka pafupi-pafupi lomwelo.

Kope la masamba ochepa ndi pensulo ndizo zida zoyamba za mwini galimoto wanzeru. Wopanda kope ali ngati mlimi amene athira feteleza wachilendo m'munda, koma sadawerengepo matumba amene amakolola.

ZIDA ZOLONJEZA ZODABWITSA

Ogulitsa ali nazo zambiri: maginito omanga pa paipi, timapiko toika pa njira ya mpweya kuti uzizungulira, mapiritsi oponya m'thanki, ndi timabokosi ta nyali zothwanima tolowetsa pa malo a magetsi pansi pa chiongolero. Chiri chonse chilonjeza kuti mudzayenda kutali ndi mafuta ochepa. Zinthu izi si zachilendo. Nthambi ya boma la America yotchedwa Environmental Protection Agency idayesa zida zotere zoposa 100 kuyambira zaka za m'ma 1970, ndipo siidapeze ngakhale chimodzi chopatsa phindu loti munthu nkuliona m'thumba. Idachenjezanso kuti zina zingathe kuononga injini kapena kuchulukitsa utsi woipa.

Chifukwa chache nchosabvuta kumva. Injini ya petulo ifuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera kwache. M'magalimoto a masiku ano muli kompyuta imene imanunkhiza utsi wotuluka kudzera m'kachida ka pa ekizozi, nikonza muyeso umenewo kangapo pa sekondi iri yonse. Petulo amene alowa amapsa pafupi-fupi yense. Palibe wotsala woti maginito amuukitse, ndiponso petulo sakokedwa ndi maginito. Mphamvu yambiri imatayika monga kutentha, kotero kuti pa magawo 100 a mphamvu ya mafuta, magawo 12 kufikira 30 okha ndiwo amayendetsa galimoto. Akatswiri a makampani akulu akhala ali kulimbana ndi kutayika kumeneku zaka zoposa 100, ndi chuma chosawerengeka. Kodi kukadakhala kuti kachitsulo ka mtengo wa nkhuku imodzi kangathe kupambana iwo, sakadakamanga okha m'galimoto iri yonse asanaigulitse?

Alamu athu adagula maginito sabata yomweyo ya mzere ija, kwa mnyamata wina woyenda nawo m'chikwama. Masiku oyamba adakondwera, nati galimoto yaleka kumwa. Koma titayamba kulemba m'kope, mwezi woyamba udaoneka wabwino pang'ono, ndipo wachiwiri ndi wachitatu idabwerera pakale. Tidazindikira chimene chidachitika: munthu amene wangogula chida chotere amayendetsa mofatsa, maso ali pa kasingano, pofuna kuona ngati chiri kugwira nchito. Chimene chidasunga mafuta mwezi woyamba lidali phazi lao, ndipo ulemu udapita kwa maginito. Akulu adati chikome-kome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

ZIMENE ANTHU AMACHOTSA

Bvuto loposa liri pa zochotsa. Choyamba ndi kachitseko ka pa njira ya madzi kotchedwa thermostat. Nchito yache ndiyo kuletsa madzi kupita ku rediyeta injini ikadali yozizira, ndi kutseguka pamene madziwo afika pa madigiri 80 kapena kupitirira pang'ono. Ambiri amati kadapangidwira maiko a chisanu, ndipo kuno nkosafunika. Komatu injini idapangidwa kuti izigwira nchito iri yotentha pafupi ndi madigiri 90. Ikakhala yozizira, kompyuta imaithira petulo wochuluka, monga umo mai amasonkhezera nkhuni pa mphika umene uchedwa kuwira. Tsono m'mawa wa mwezi wa June ku Dedza kapena ku Mzuzu, galimoto yochotsedwa kachitsekoka imayenda ulendo wonse iri kumwa mopitirira, petulo wosapsa natsikira m'oilo, ndipo injini imatha msanga. Ngati galimoto itentha koposa muyeso, funsani amakanika aone rediyeta, fani, pampu ya madzi, kapena thermostat yomweyo ngati yafa; ndipo ngati yafa, aikemo yatsopano.

Chachiwiri ndi bokosi la pa ekizozi lotchedwa catalytic converter. M'kati mwache muli ngati malesa a njuchi, opakidwa zitsulo za mtengo wapatali, platinum, palladium ndi rhodium, zimene zimasandutsa utsi wakupha kukhala wosaopsa kwambiri. Ena amauza mwini galimoto kuti bokosilo liri kutsamwitsa injini, nalichotsa. Ndipo mwiniyo amabwerera kwao osadziwa kuti zitsulo zija ziri ndi ozigula. Bokosi labwino-bwino siliba mafuta oti nkuwaona m'kope. Lotsekeka ndilo limafooketsa galimoto, ndipo mankhwala ache ndiwo kusintha, ndi kukonza chimene chidalitseka. Kumbukiraninso kuti utsi wa galimoto yochotsedwa bokosili amaupuma ndi ana ogulitsa nthochi m'mbali mwa mseu, ndi a pa njinga otsata pambuyo panu.

Kachida konunkhiza utsi kaja nako kakafa, kompyuta imakhala ngati wakhungu, nithira petulo mongoganizira. Akatswiri a za mphamvu a boma la America adalemba kuti kukonza bvuto lotere kungathe kuonjezera ulendo wa pa lita mpaka magawo 40 pa 100. Chifukwa chache nyali ya chikasu ya chithunzi cha injini ikayaka, musaimate ndi tepi, kapena kupempha kuti aichotse babu. Zengerezu adalinda kwau-kwau.

ZIMENE ANTHU AMAONJEZERA

Tsono tifike pa zokongoletsa. Anyamata amakonda marimu akulu onyezimira ndi matayala otambalala. M'chaka cha 2010 nyuzi ya za magalimoto ya ku America yotchedwa Car and Driver idayesa galimoto imodzi ya Volkswagen Golf ndi marimu osiyana, kuyambira a mainchi 15 kufikira a mainchi 19. Ndipo idapeza kuti ndi akulu aja galimoto idataya magawo 10 pa 100 a ulendo wa pa lita, nichedwanso kunyamuka. Gudumu lolemera lifuna mphamvu yambiri kuti lizungulire, ndipo tayala lotambalala limakhuzana kwambiri ndi mseu. Pa miseu yathu palinso china: rimu lalikulu limabvala tayala lopyapyala m'mbali, ndipo likagunda dzenje limodzi, tayala limaphulika, rimu nilipindika.

Ena amaika matayala atali kuposa amene adabwera ndi galimoto. Dziwani kuti potero mwanamiza wotchi ya liwiro: idzasonyeza liwiro lochepa pamene muli kuthamanga koposa, ndipo idzawerenga makilomita operewera, kotero kuti ngakhale kope lanu lidzasokonezeka.

Kariya wa pa denga ndi wothandiza tsiku lonyamula katundu, koma amalimbana ndi mphepo masiku onse. Akatswiri aja a boma la America adapeza kuti bokosi lalikulu la katundu pa denga limadya magawo 2 kufikira 8 pa 100 m'tauni, ndi magawo 6 kufikira 17 pa mseu waukulu. Ngakhale wopanda katundu amakokabe galimoto m'mbuyo. Mumasuleni mukatha naye nchito. Za kulemera adapeza kuti makilogalamu 45 ali onse oonjezera amachotsa gawo limodzi pa 100, makamaka pa galimoto yaing'ono. Ndiye kuti thumba la chimanga la makilogalamu 50 loiwalika kumbuyo limalipira msonkho wache pa ulendo uli wonse. Chimodzimodzinso zitsulo zolemera za kutsogolo, ndi bokosi la masipika lodzaza buti. Magetsi a masipikawo ndi a nyali zoonjezera sachokera kumwamba. Amapangidwa ndi injini, ndipo injini imawapanga ndi petulo. Makina oziziritsa m'kati nawo, pa tsiku lotentha kwambiri ndi pa maulendo afupi-afupi, angathe kudya gawo limodzi mwa magawo anai. Poyenda pang'ono-pang'ono m'tauni tsegulani mazenera. Pothamanga pa mseu waukulu tsekani, pakuti mazenera otsegula amagwira mphepo.

Sitiri kunena kuti kusintha konse nkoipa ai. Amene kwao kuli kutali ndi tara, ndipo galimoto yache imakhula pansi nthawi ya dzinja, achita bwino kuikweza pang'ono ndi zitsulo zoyenera, ndi kuika chitsulo chochinjiriza mphika wa oilo ku miyala. Pakuti mphika woboka umapha injini m'mphindi zochepa. Koma achite ichi podziwa mtengo wache: galimoto yokwezeka imagwira mphepo yambiri, imapendama msanga pokhota, ndipo ziwalo za ku miyendo zimatha mofulumira. Akatha kukweza, apite akaongoletse miyendo pa makina, chifukwa magudumu osayang'ana kumodzi amadya tayala ndi mafuta pamodzi. Walira mvula walira matope. Funso la mwini nyumba likhale ili: kodi chinthu ichi chiri kutumikira banja langa, kapena maso a anthu a pa mseu?

ZOSUNGA MAFUTA ZENI-ZENI

Choyamba ndi mpweya wa m'matayala. Muyeso wache udalembedwa pa kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa, ndipo magalimoto ang'ono ambiri afuna pakati pa 30 ndi 35 psi. Yesani kamodzi pa mwezi, m'mawa matayala asanatenthe, osaiwala la sipeya. Tayala lofewa limapindika-pindika poyenda, nilidya mafuta kufikira magawo 3 pa 100. Koma choopsa koposa nchakuti limatentha, ndipo lingathe kuphulika galimoto iri pa liwiro. Musapope mopitirira muyeso poganiza kuti mupindula, pakuti tayala louma gwa siligwira bwino mseu pa mvula.

Chachiwiri ndi kusamala injini pa nthawi yache: oilo wa muyeso umene opanga adalamula, mapulagi abwino, ndi mabuleki osagwira okha. Za sefa ya mpweya tikuuzeni chimene ambiri sadziwa. M'chaka cha 2009 akatswiri a ku Oak Ridge National Laboratory adapeza kuti pa galimoto ya kompyuta sefa yakuda imachepetsa mphamvu, koma siionjezera kumwa kweni-kweni, chifukwa kompyuta imachepetsa petulo molingana ndi mpweya. Pa galimoto yakale ya kabuleta ndipo imamwetsa. Sinthanibe sefa ikada, ndipo musayese kuyenda wopanda sefa, pakuti pfumbi la mwezi wa October likalowa m'injini limapala ngati mchenga.

Chachitatu ndi kuzimitsa injini poima. Injini yolira galimoto iri chiimire imamwa pafupi lita 1 pa ora, ndipo yaikulu kufikira malita 2. Tsiku lija la pa mzere tidaona anthu ali kuotcha mafuta podikira mafuta. Ngati muima kupitirira mphindi imodzi pa malo osaopsa, zimitsani. M'mawanso musataye mphindi khumi mukuti muli kutenthetsa injini. Theka la mphindi likwanira, ndipo itenthe bwino muli kuyenda mofatsa. Maulendo ang'ono-ang'ono aphatikizeni pamodzi, ku chigayo, ku msika ndi ku sukulu pa ulendo umodzi, pakuti injini imamwa koposa ikadali yozizira.

Chachinai, chimene chiposa zonse, ndilo phazi. Kunyamuka mwaukali, kuthamangira galimoto ya patsogolo ndi kuponda mabuleki mwadzidzidzi kumataya magawo 15 kufikira 30 pa 100 pa mseu waukulu, ndi magawo 10 kufikira 40 m'tauni. Nthawi iri yonse muponda buleki, muli kusandutsa petulo amene mudagula kukhala kutentha kwa pachabe. Yang'anani kutali, mukaona mphambano kapena msika patsogolo, chotsani phazi msanga, galimoto ifike yokha.

Za liwiro dziwani ichi: mphepo imene galimoto imakankha siikula molingana ndi liwiro, koma mochulukitsa. Pa makilomita 120 pa ora mphamvu ya mphepo iposa kawiri ya pa makilomita 80, ndipo magalimoto ambiri amayamba kumwa kwambiri akapitirira 80. Tiyerekeze ulendo wa makilomita 300, wonga wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Woyenda pa 100 afika m'maora 3. Woyenda pa 80 afika m'maora 3 ndi mphindi 45. Mphindi 45 zimenezo ndizo mtengo wa malita otsala m'thanki, ndi wa mpata woimira bwino pamene mwana kapena mbuzi ilowa mu mseu pa Lizulu. Kuthamanga si kufika.

ZA KUTSIKA PHIRI

Pa nzeru zonse za pa mzere paja, imene idatiopsa ndiyo ya kuchotsa giya potsika. M'magalimoto akale a kabuleta munali phindu pang'ono, koma a masiku ano ali ndi khalidwe lina: mukachotsa phazi pa moto, giya iri m'kati, kompyuta imatseka petulo kotheratu, ndipo magudumu ndiwo amazunguza injini. Mukachotsa giya, injini iyenera kumwa kuti isazime. Chotero wochotsa giya sapindula kanthu, ndipo wataya chinthu chachikulu, ndicho mphamvu ya injini yogwira galimoto. Katundu yense amagwera pa mabuleki, amene pa chitsikiro chachitali amatentha naleka kugwira. Ganizirani mseu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti, chitsikiro cha ku Chikwawa, kapena cha ku Chiweta, kumene kukhota kumodzi kutsata kunzache ndipo phompho liri pambali. Pamenepo lowetsani giya yaing'ono musanayambe kutsika. Magalimoto osintha okha giya nawo ali ndi malo a giya yaing'ono pa ndodo yache. Ndipo wozimitsa injini potsika ali kuchita choipa koposa, pakuti mabuleki amauma atapondedwa kawiri kapena katatu, chiongolero chimalemera, ndipo pa magalimoto ena chingathe kukiyika. Kapu imodzi ya petulo siingafanane ndi moyo wa anthu asanu.

ZA MAFUTA A M'ZIGUBU

Mafuta akasowa, zigubu zimachuluka m'mbali mwa mseu. Wogula pamenepo sadziwa chimene agula, pakuti ena amathiramo parafini kapena madzi, ndipo chigubu chakuda chimalowetsa zinyalala zotseka pampu ndi timabowo tothira petulo m'injini. Ndarama zokonzera zimaposa zimene munthu adafuna kupulumutsa. Ndiponso petulo sasungidwa m'nyumba yogona anthu. Mpweya wache umalemera kuposa umene tipuma, umayenda pansi-pansi, ndipo ungathe kufika pa mbaula kapena pa koloboyi wa chipinda china. Tisaiwale za mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene mu November 2016 lole ya mafuta idaphulika anthu ali kutunga petulo, nipha anthu oposa 70.

MAU OTSIRIZA

Abale, tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze banja limene limamwetsa malita 60 pa mwezi. Likapopa matayala, likatsitsa kariya ndi katundu wosafunika, likabwezera thermostat, ndipo woyendetsa akafewetsa phazi, silidzalephera kusunga gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiwo malita 6 pa mwezi, malita 72 pa chaka. Chulukitsani ndi mtengo wa lita wa lero, nimuone ngati si fizi ya mwana kapena thumba la feteleza. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Nchito imeneyi isakhale ya abambo okha. Amai, amene mudziwa mtengo wa ndiwo, funsani mwaulemu koma mosaopa pamene muona chitsulo chatsopano pa galimoto, kuti chidzabweza liti ndarama zache. Mwana wa sukulu wodziwa kugawa apatsidwe kope lija, azilemba malita ndi makilomita. Adzaphunzira masamu, ndipo adzakula wodziwa kuti chinthu chimayesedwa chisanakhulupiridwe. Kwa alamu athu kope limasungidwa ndi mwana wao wamkazi wa Sitandade 7, ndipo maginito aja tsopano amagwira mapepala pa chitseko cha firiji, nchito imene aichita bwino ndithu.

Amene muli ndi nzeru ina imene mudaiyesa ndi pensulo, tilembereni, mutiuze malita ndi makilomita ache, kuti abale ena apindule nayo. Yendani bwino pa miseu, ndipo mukafike kwanu ndi mtendere.